Za Msewu wa pa Phiri la Zomba, Wophunzirirapo Kuyendetsa Galimoto m'Mapiri

Tifuna kukusimbirani za msewu wina wa m'dziko mwathu muno, umene ukwera phiri lalitali ndithu, koma suopsa munthu wodekha mtima. Masiku ano galimoto zachuluka, ndipo anyamata ambiri, ngakhalenso atsikana, aphunzira kuyendetsa. Koma ambiri a iwo aphunzirira pa tala ndi pa chidikha pokha. Tsiku lina mmodzi wa iwo adzatumidwa kukatenga wodwala ku mudzi wa kuphiri, kapena kukatuta chimanga kutsidya kwa chigwa, nadzapeza kuti kuyendetsa kwa m'mapiri ndi nzeru ina. Pamenepo m'galimotomo mudzakhala muli amayi ndi ana ndi nkhalamba, ndipo moyo wa onsewo udzakhala m'manja mwa munthu mmodzi. Chifukwa chake kuli bwino kuti wophunzira ayambe wadziyesa pa phiri lofatsa, tsiku lopanda changu, asanakomane ndi phiri laukali usiku wa mvula. Phiri lofatsalo lilipo, ndilo la Zomba.

Maonekedwe a phirilo

Mzinda wa Zomba uli pa mtunda wosakwana makilomita 70 kuchokera ku Blantyre. Ndi mzinda wakale, pakuti Harry Johnston anakhazikapo boma la atsamunda m'chaka cha 1891, ndipo unakhala likulu la dziko kufikira 1975, pamene likulu linasamukira ku Lilongwe. Nyumba ya Malamulo yokha inatsalira komweko kufikira 1994. Mzindawo uli pa mamita pafupifupi 900 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo phiri lauimirira kumsana kwake monga khoma. Nsonga yake yaitali koposa ndiyo Malumbe, imene ipitirira mamita 2,080.

Munthu woliyang'ana ali pansi ayesa kuti kumwambako kuli miyala yokhayokha, koma sikutero iyayi. Pamwamba pake phirili likunga lichero: m'mbali mwake ndi motukuka, pakati pake ndi polowa, ndipo m'kati mwa licheromo muli timitsinje, madambo ndi nkhalango. Madzi ambiri a m'menemo asonkhana mu mtsinje wa Mulunguzi, umene utsikira mu mzinda, nuthira mu Likangala, ndipo Likangala athira m'nyanja ya Chilwa. Kumpoto kuli chigwa cha Domasi, chimene chilekanitsa phirili ndi mnzake Malosa. Boma linapatula phirili kuti likhale nkhalango yotetezedwa m'chaka cha 1913, ndipo pambuyo pake anabzalamo mitengo ya paini, imene mbewu yake kwawo ndi ku Mexico. Misewu yafumbi imene tiyendemoyi inalambulidwira ntchito ya mitengoyo.

Taonani tsono ubwino wake kwa wophunzira. Chitunda chachikulu, chochokera mu mzinda kufika pa mlomo wa phiri, chili ndi tala. Fumbi liyamba mutafika kale pamwamba, pamene zitunda zake ndi zazifupi, ndipo anthu sali patali ngati mwagwa m'vuto.

Za galimoto yake

Galimoto wamba injini yake izunguza mawilo awiri okha, ena awiriwo angotsatira. Galimoto imene anthu aitcha 4x4 izunguza mawilo onse anayi. Kumbukirani ngolo yotitimira m'dambo: akakankha a kumbuyo okha sichoka msanga, koma ena akakoka kutsogolo ena nakankha kumbuyo, izuka. Galimoto zotere zinatchuka pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pamene asilikali a ku America anayenda pa Jeep. Land Rover inaoneka koyamba m'chaka cha 1948, ndipo a Toyota anayamba kupanga yawo, imene tiitcha Land Cruiser, m'chaka cha 1951.

M'galimoto zambiri za mtundu uwu, pambali pa ndodo ya magiya pali kandodo kena kakafupi, kapena kabatani kopotokola, ndipo palembedwa 2H, 4H ndi 4L. Pa 2H galimoto iyenda ndi mawilo a kumbuyo okha. Pamenepa ndi pa tala. Pa 4H mawilo onse akoka, liwiro lili lomwelo. Pamenepa ndi pa fumbi, pa mchenga ndi poterera. Pa 4L mawilo onse akokanso, koma liwiro litsika kufika pa theka kapena kuchepera apo, ndipo mphamvu yokokera iwirikiza. Pamenepa ndi pa chitunda choimirira, pa miyala ndi pa mtsetse woopsa. Polowetsa 4L muyambe mwaimitsa galimoto. Galimoto zakale zili ndi kena kowonjezera: pakati pa wilo lililonse la kutsogolo pali kachitsulo kolembedwa FREE ndi LOCK. Mukapanda kutsika ndi kukapotokolera ku LOCK mbali zonse ziwiri, kandodo kaja kagwira ntchito pachabe, ndipo mawilo a kutsogolo sakoka konse.

Musayende pa tala youma ndi 4H kapena 4L. Chifukwa chake ndi ichi: pokhota, mawilo a kutsogolo ayenda njira yaitali kuposa a kumbuyo, koma mwawamanga pamodzi kuti azungulire molingana. Pa fumbi tayala literereka pang'ono, zitsulo nizipumula. Pa tala tayala ligwira zolimba, zitsulo za m'kati zipotana, ndipo potsiriza china chithyoka. Zilipo galimoto zina zimene zikoka ndi mawilo onse masiku onse, popeza zili ndi chitsulo chapakati chogawa mphamvu; motero munthu aliyense ayambe wawerenga buku la galimoto yake.

Zokonzeratu

Nyengo yabwino ya wophunzira ndiyo kuyambira Meyi kufikira Okutobala, pamene misewu yauma. Miyezi ya Meyi ndi Juni dziko likali lobiriwira ndipo maso aona patali; pofika Seputembala utsi wa moto wa m'tchire uphimba chigwa. M'miyezi ya Juni ndi Julayi kubwera chiperoni, ndiyo nkhungu ya mvula yowaza, imene ikhoza kukuta phiri lonse masiku angapo. Tsiku lotero khalani pansi. M'dzinja, kuyambira Disembala kufikira Malichi, dothi lofiira la kumwambako literera monga therere, ndipo ulendowo si wa wophunzira iyayi.

Mutenge tayala lapadera lopopa bwino, jeke ndi kathabwa koikapo jekeyo kuti isamire m'dothi, khasu, chikwanje, chingwe cholimba, madzi akumwa ndi ena a injini. Mafuta muthire okwanira mu mzinda. Mutengenso chofunda, pakuti munthu akakwera mamita 1,000 kutentha kutsika ndi madigiri pafupifupi 6, ndipo wochoka pansi ali thukuta afika pamwamba akunjenjemera. Wophunzira asapite yekha: pambali pake pakhale woyendetsa wozolowera, ndipo ngati kutheka galimoto zikhale ziwiri, kuti ina ikokere inzake. Uzani a kunyumba kumene mwapita ndi nthawi yobwerera. Nyamukani m'mawa, dzuwa lisanakwere.

Kukwera

Msewu uchoka pakati pa mzinda, nupitirira nyumba zakale za boma za njerwa zofiira. Chapafupi pali munda wa mitengo ndi maluwa umene unayambidwa m'masiku a Johnston, ndiponso nyumba ya Masongola, imene inamangidwira kazembe wa ku Britain boma la atsamunda lisanakhazikike. Kuchoka apo msewu uyamba kupindika, uku khoma la phiri, uku phompho. Kale kunali misewu iwiri yopapatiza, wina wokwerera wina wotsikira. Lero galimoto zokwera ndi zotsika zipatukirana pa msewu umodzi wa tala. Khalani kumanzere kwanu ndithu, makamaka pa makona pamene simuona kutsogolo, ndipo lizani hutala musanakhote.

Sinthani giya chitunda chisanakulemereni, osati injini itayamba kale kutsamwa. Musadabwe mukaona kuti galimoto yafooka pang'ono, pakuti mpweya wa kumwamba ndi wopepuka, ndipo injini yopanda turbo itaya pafupifupi gawo limodzi la magawo khumi a mphamvu yake pa mamita 1,000 alionse. Diso lina likhale pa kamuvi koonetsa kutentha kwa injini. Kakakwera kwambiri, imani pamalo otakasuka, nimudikire. Musatsegule chivindikiro cha madzi injini ili yotentha, chifukwa madziwo atumphuka ndi kuwaula nkhope.

Pa msewu umenewu simuli nokha. Mudzakomana ndi amayi osenza mitolo yaitali ya nkhuni, ndi abambo otsitsa njinga zolemedwa ndi mitengo. Munthu wosenza mtolo wotero sangathe kucheuka msanga, ndipo njinga yolemera siima pomwepo. Apatseni malo, nimuwapitirire pang'onopang'ono. Iwo ali pa ntchito yodyetsa ana, inu muli pa ulendo wokaona dziko.

Mutayenda makilomita osakwana 10 mufika pa Ku Chawe, pa mlomo weniweni wa phiri, pamene pali hotela yoyang'ana kuchigwa. M'mbali mwa msewu anthu agulitsa zipatso za kuphiri m'timbale, monga sitiroberi, mabulosi ndi mapeyala, china chilichonse pa nyengo yake. Ena agulitsa ziboliboli ndi timiyala tonyezimira tokumbidwa m'mapiri omwewa. Pomwepa palinso anyamata operekeza alendo. Afunseni za msewu wa kutsogolo, kuti mlatho uti uli bwino, ndi kuti mtengo wagwera pati, pakuti msewu wa kuphiri usintha ndi dzinja lililonse. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

M'kati mwa lichero

Chinthu choyamba kuchiona ndi damu la Mulunguzi, limene linatha kumangidwa m'chaka cha 2000. Lisunga malita oposa 3 biliyoni, ndipo madzi amene anthu a mu mzinda wa Zomba amwa, a m'zipatala ndi a m'masukulu omwe, achokera m'menemo. Tala ikatha, imani, nimulowetse 4H. Ngati galimoto ndi yakale, tsikani mukapotokole tizitsulo tija. Gwirani chiwongolero ndi manja awiri, koma zala zazikulu zikhale kunja, osazilowetsa m'kati, pakuti wilo likagunda mwala chiwongolero chizungulira mwadzidzidzi ndipo chikhoza kuthyola chala.

Msewu utsata mtsinje chokwera. Mupitirira mathithi a Mandala, kenaka maiwe amene anakumbidwira nsomba zachilendo zotchedwa trout, zimene azungu anabwera nazo chifukwa zikonda madzi ozizira. Patsogolo pang'ono pali mathithi a Williams, pamene madzi atsika pa miyala yosanjikizana monga makwerero, m'mthunzi wa mitengo yachilengedwe. Pano zimitsani injini, nimumvere. Nkhalango ya m'mbali mwa mtsinjewu ndiyo yakale yeniyeni, ndipo muli anyani, apusi ndi mbalame zina zosapezeka kawirikawiri m'dziko lino.

Kuchokera apo njira ikwera kunka ku damu laling'ono la Chagwa, ndipo pano ndi pamene wophunzira alandira phunziro lake loyamba. Mvula yakumba timigula pakati pa msewu. Musaike wilo m'mgula. Uikeni mgulawo pakati pa mawilo, kuti upite kunsi kwa galimoto. Mwala waukulu ndi wosiyana: umenewo muukwere ndi tayala, pang'onopang'ono, pakuti mukauika pakati ugunda mimba ya galimoto ndi kuboola mosungira oyilo. Maso ayang'ane patali, kuti musankhe njira musanafikepo. Pokayikitsa tsikani, mukaone ndi mapazi. Ndipo pa chithaphwi muyambe mwapima ndi ndodo, chifukwa madzi abisa dzenje.

Mukapeza matope, lowetsani giya yachiwiri, nimuponde moto mofanana, osawonjeza osachepetsa. Mawilo akayamba kuzungulira pamodzimodzi, lekani msanga, pakuti wilo lozungulira pachabe lidzikumbira manda. Bwererani chambuyo m'mapazi anu omwe, palani matope ndi khasu, ikani miyala ndi nthambi zouma, ndipo muyesenso.

Chitunda chikaimirira, imani m'munsi mwake, lowetsani 4L, nimukwere molunjika ndi giya imodzi, osasintha pakati. Injini ikazima muli pakati pa chitunda, mtima usathamange. Pondani buleki, lowetsani giya yobwerera m'mbuyo, lizani injini, ndipo mutsike chambuyo molunjika, injini ikukugwirani. Musayese konse kutembenuza galimoto pa chitunda, pakuti ikapingasa ndi pamene igubuduzika.

Malo oonera dziko

Malipiro a khama lonseli ali pa mlomo wa kum'mawa. Pali malo awiri oyandikana. Oyamba atchedwa Queen's View, chifukwa amake a Mfumukazi Elizabeth II anacheza m'dziko muno m'chaka cha 1957. Achiwiri atchedwa Emperor's View, pokumbukira Haile Selassie, mfumu ya ku Ethiopia, amene anabwera m'chaka cha 1965. Imikani galimoto patali ndi phompho, kokani buleki ya pamanja, siyani giya ili yolowa, ikani mwala ku wilo, ndipo ana muwagwire pa dzanja.

Pansi panu mzinda wonse uoneka monga mbewu zomwazika pa mphasa. Patsogolo payala chigwa cha Phalombe, ndipo kumapeto kwake kwaima phiri la Mulanje, limene nsonga yake, Sapitwa, ifika mamita 3,002. Chakumanzere kung'anima nyanja ya Chilwa, ndi chilumba cha Chisi m'kati mwake. Ndiyo nyanja imene David Livingstone anaiona mu Epulo 1859. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulukamo, ndipo ndi yosaya, kotero kuti mvula ikachepa zaka zotsatana iphwa: inaphwa mu 1968, ndiponso cha mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka dothi long'aluka. Matemba, makumba ndi milamba zimene zigulitsidwa m'misika ya kuno zidalira madzi otsika m'mapiri awa. Munthu ataima pamenepa aona ndi maso ake njira yonse ya madziwo, kuchokera pa kasupe kufika pa bwato la msodzi.

Kwa wophunzira, tsiku loyamba lithere pano. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha.

Ku dzenje la Chingwe

Msewu wozungulira phiri lonse upitirira makilomita 20, ndipo chigawo chake cha kumpoto ndicho chovutirapo. Amene wazolowera, tsiku lina apite ku mlomo wa kumadzulo, kumene kuli dzenje la Chingwe. Ndi dzenje lachilengedwe, lolowa pansi molunjika, ndipo pakamwa pake pabisika ndi mitengo. Akuluakulu asimba kuti kale mafumu ankaponyamo adani awo, ena ati ankaponyamo akhate. Nkhani yake ndi yachisoni, ndipo malowo ayenera kufikapo mwaulemu, osaponyamo miyala mwachibwana. Masitepe ochepa kuchokera pa dzenjelo dziko litseguka: phompho lalikulu litsikira ku chigwa cha Shire, ndipo tsiku lowala mtsinjewo uoneka ukunyezimira cha ku Liwonde. Mphepo ya pamenepo ndi yamphamvu, musasendere kumphepete.

M'njira zimenezi muyembekezere malole otuta mitengo. Popapatiza, mwambo wa m'mapiri ndi wakuti wotsika apatukire wokwera, popeza wokwera akaima avutika kunyamukanso. Koma lole yolemedwa musalimbane nayo za mwambo. Funani potakasuka, nimuipatse njira.

Kutsika

Abale, mverani bwino pano, pakuti ngozi zambiri za m'mapiri zichitika potsika. Mawilo anayi athandiza galimoto kuyenda, koma sawonjeza kanthu pa kuima. Mabuleki a 4x4 ali pa mawilo anayi monga a galimoto ina iliyonse, ndipo iyo ndi yolemera koposa. Buleki igwira ntchito pokhuza chitsulo, ndipo kukhuzako kubala moto. Mukaiponda kosalekeza pa mtsetse wautali, zitsulo zipsa, mafuta a buleki awira, ndipo pa kona lina mudzaponda phazi nilingolowa pansi, galimoto osaima.

Lamulo lake ndi lalifupi: giya imene munakwerera ndiyo mutsikire. Mukalowetsa giya yoyamba kapena yachiwiri ndi kuchotsa phazi pa moto, injini yokha igwira galimoto, ndipo buleki mungoiponda pang'ono ndi kuileka kuti izizire. Galimoto yosintha yokha magiya muiike pa L kapena pa 2. Musatsike mutaponda kilatchi, musachotse giya, ndipo musazimitse injini poti mupulumutse mafuta. Madontho a dizilo amenewo sangagule moyo wa mwana. Mukamva fungo la chinthu chopserera, imani, nimudikire kufikira mabuleki atazizira. Pofika pa tala kumbukirani kubwezera kandodo kaja pa 2H.

Mawu otsiriza

Amene analiona phirili zaka zapitazo adzamva chisoni poliona lero, pakuti m'malo ambiri mmene munali mitengo mwatsala zitsa. Paini wambiri anadulidwa, moto wa m'chilimwe upsereza mbande zobzalidwa kumene, ndipo dothi lopanda mizu litsika ndi mvula kunka m'damu ndi m'mitsinje. Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 anationetsa m'maboma a kum'mwera chimene madzi achita akatsika pa phiri mopanda chowatchinga. Alipo anthu a m'midzi yozungulira, pamodzi ndi a Zankhalango, amene abzala mitengo ndi kulambula njira zotchinga moto. Mlendo asawonongere anthu amenewa ntchito yawo. Galimoto ikhale mu msewu, osadula m'dambo kapena m'mbande, chifukwa mzere wa tayala wa chaka chino ndiwo mgula wa chaka chamawa. Musasonkhe moto m'tchire, musataye chotsalira cha fodya, ndipo mabotolo ndi mapepala mubwerere nazo kwanu. Khasu lija lagwira ntchito pokumba matope. Chikwanje chikhale cha mtengo wogwera mu msewu, osati wa moyo.

Tsono inu makolo amene mwana wanu walandira chiphaso choyendetsera, musafulumire kumtuma ku mapiri ndi galimoto yodzaza anthu. Mpezereni woyendetsa wamkulu, mumpatse tsiku limodzi la m'chilimwe, akwere pa Zomba m'mawa, akaphunzire kukwera, kuima ndi kutsika, nabwere pansi dzuwa lisanalowe.